Kupima Matenda a Maganizo mwa Anthu Obwera, Motsatira Chikhalidwe Chawo

Kupima motsatira chikhalidwe ndi njira imene dokotala amafufuzira vuto la maganizo poyamba wamva mmene wodwalayo ndi anthu akwawo amalionera. Njirayi imafunika kwambiri kwa anthu okhala m'dziko la eni: othawa nkhondo, okafuna ntchito, ophunzira. Malungo amaoneka m'dontho la magazi, koma matenda a maganizo amadziwika ndi zimene munthu wanena. Dokotala akamva molakwa, mankhwalanso amalakwika.

Amene anatchukitsa ganizoli ndi Arthur Kleinman, dokotala wa matenda a maganizo wa ku America. Mu 1980 anapima anthu 100 ku Hunan, m'dziko la China, amene madokotala akumeneko ankati ali ndi nthenda yofooka mitsempha. Iye anapeza kuti 87 mwa iwo anali ndi matenda ovutika maganizo otchedwa depression, ngakhale chimene ankadandaula chinali mutu, chizungulire ndi kusowa tulo. Kleinman ankaphunzitsa kuti wodwala aliyense amabwera ndi kufotokoza kwake kwa nthenda yake, ndipo ntchito ya dokotala iyambire pomufunsa: vutoli mumalitcha chiyani, mukuona kuti lachokera kuti, chimene mukuopa kwenikweni n'chiyani?

Bungwe la American Psychiatric Association linaika ganizoli m'buku lake la DSM-IV mu 1994, koma kumapeto kwenikweni, kumene owerenga ambiri safika. Mu 2013 buku la DSM-5 linatuluka ndi mafunso 16 otchedwa Cultural Formulation Interview, amene anakonzedwa motsogozedwa ndi Roberto Lewis-Fernández n'kuyesedwa m'mayiko asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Kenya. Mafunsowo amakhudza mmene munthu angafotokozere vuto lake kwa achibale, chimene achibalewo akuti chalichititsa, kumene wapita kale kukafuna thandizo, kaya kwa sing'anga kaya kwa abusa, ndi chimene akuyembekezera kuchipatala.

Buku lomwelo limatchula mawu a Chishona akuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri, amene Vikram Patel ndi anzake anawafufuza ku Harare m'zaka za m'ma 1990. Wa Chichewa sangawaone achilendo. Mnyamata wa ku Mangochi amene akugwira ntchito ku Johannesburg, zikalata zake zitatha mphamvu, kumudzi akudikira ndalama, sadzafika ku kiliniki n'kunena kuti wadwala maganizo. Adzati mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, usiku sakugona chifukwa choganiza. Wosadziwa kufunsa amangomupatsa panado n'kuitana wotsatira.

Kulakwitsa kwina n'koopsa kuposa apa. Mayi wofedwa akanena kuti malemu amamuyendera usiku, kapena bambo akati abale ake amulodza, dokotala wa ku London akhoza kulemba kuti ndi misala, pamene kwawo mawu oterowo sadabwitsa aliyense. Ku Montreal, m'dziko la Canada, Laurence Kirmayer anayambitsa mu 1999 ntchito younikanso odwala motsatira chikhalidwe, ndipo kafukufuku wa 2012 anasonyeza kuti pafupifupi theka la odwala amene anatumizidwako atalembedwa kuti asokonezeka mutu anapezeka ndi vuto lina. Munthu wotere amakhala atamwa mankhwala amphamvu, olemetsa thupi, a nthenda imene alibe. Koma kulakwa kumachitikanso mbali inayo: wodwaladi misala amabwezedwa kunyumba poti "ndi chikhalidwe chawo". Chimene chimasiyanitsa ziwirizi ndi umboni wa anthu akwawo. Ngati nawonso akuti, "Ayi, uyu sali bwino," dokotala asanyalanyaze.

Pa zonsezi womasulira ndiye mlatho, ndipo apa m'pamene zipatala zambiri zimafupikitsa njira. Mwana wa zaka khumi amauzidwa kuti amasulire mawu a mayi ake. Ndi mayi uti angaulule pamaso pa mwana wake kuti anagwiriridwa panjira, kapena kuti akuganiza zodzipha? Ngakhale mwamuna wake kapena mnzake wa kutchalitchi sayenera, chifukwa obwera amakhala ochepa ndipo nkhani imayenda msanga. Pafunika womasulira wophunzitsidwa, wosunga chinsinsi, wobweza mawu monga anenedwera osawakongoletsa.

Dokotala amafunsanso za ulendo weniweniwo: chimene chinamuchotsa kwawo, zimene anakumana nazo panjira, ndi moyo wake tsopano. Kusowa ntchito, tsankho, kusungulumwa ndi kudikira zaka yankho la pempho lokhala m'dziko kumadwalitsa munthu ngakhale nkhondo anaisiya kutali. Ena amabisa zambiri poopa kuti zimene anena zikafika kwa a zolowa ndi zotuluka, choncho asanafunsidwe kanthu ayenera kuuzidwa momveka amene adzaone zolembedwazo ndi amene sadzaziona.