Theodor Mommsen ndi Buku Limene Sadalembe

M'mbandakucha wa pa 12 Julayi 1880 moto udabuka m'nyumba ina ku Charlottenburg, pafupi ndi Berlin. Mwini nyumbayo, bambo wa zaka 62, adapsa poyesa kupulumutsa mabuku ake. Ambiri adasanduka phulusa, pamodzi ndi mipukutu yakalekale yolembedwa pamanja imene iye adachita kubwereka. Bamboyo adali Theodor Mommsen, katswiri wa mbiri ya Aroma.

Mommsen adabadwira ku Garding m'chaka cha 1817, ndipo atate ake adali mbusa wa mpingo. Ku sukulu ya ukachenjede ya Kiel adaphunzira za malamulo. Mu 1844 adapita ku Italy, kumene adakhala zaka zitatu akukopera mawu amene Aroma adazokota pa manda, pa zipilala ndi pa miyala ya m'misewu. Kumeneko adaona kuti ambiri amene adamutsogolera adakopera molakwa, ena adachita kupeka. Kuyambira pamenepo sadafune kukhulupirira mawu amene iye kapena mnzake wodalirika sadawaone ndi maso.

Mu 1848 adayamba kuphunzitsa ku Leipzig, koma boma la Saxony lidamuchotsa ntchito mu 1851 chifukwa cha ndale. Adakaphunzitsa ku Zürich, kenaka ku Breslau, ndipo mu 1858 adakhazikika ku Berlin. Pa ndale sadaphunzirepo kutseka pakamwa: mu 1882 adaimbidwa mlandu wonyoza Bismarck, koma bwalo lidamupeza wosalakwa.

M'zaka zoyendayenda zija ndimo adalemba Römische Geschichte, Mbiri ya Aroma, mabuku atatu amene adatuluka pakati pa 1854 ndi 1856. Adalemba ngati mtolankhani wokhala ndi mbali, kutamanda Julius Caesar kopitirira muyeso ndi kumunyoza Cicero kopanda chifundo. Nkhani idalekezera pa kupambana kwa Caesar. Anthu adadikira buku lachinayi, lonena za mafumu a Roma. Mu 1885 kudatuluka lachisanu, lonena za maiko amene Aroma adalamulira. Lachinayi silidaoneke.

Ena amaloza moto uja, ena amati mafumuwo sadamukondweretse. Choonekeratu n'chakuti masiku ake adathera ku miyala. Adatsogolera ntchito yosonkhanitsa mawu onse ozokotedwa m'Chilatini, yotchedwa Corpus Inscriptionum Latinarum, imene lero ili ndi zolemba pafupifupi 180,000. Ndi ntchito yosasangalatsa kuwerenga, koma wofufuza za Aroma sangaithawe.

Mphoto ya Nobel ya zolembalemba adailandira mu 1902, makamaka chifukwa cha mbiri yosamalizika ija, ndipo adamwalira pa 1 Novembala 1903. Mu 1980 katswiri wina, Alexander Demandt, adapeza m'sitolo ya mabuku akale ku Nürnberg makope a anthu awiri amene adamvera Mommsen akuphunzitsa za mafumuwo. Makopewo adasindikizidwa mu 1992.