Mbiri ya Poirot m'Mabuku ndi pa Wailesi ya Kanema

Pakati pa alembi a nkhani za kupha munthu mwacinsinsi, palibe amene anachuka koposa mai Agatha Christie, wobadwira ku Torquay m'dziko la England m'caka ca 1890. Pa nkhondo ya 1914 mai ameneyu anagwira nchito yosakaniza mankhwala pa cipatala, ndipo kumeneko anadziwa bwino mankhwala akupha. Nzeru imeneyi inaoneka m'buku lace loyamba la mu 1920, lochedwa The Mysterious Affair at Styles. M'menemo ndimo munaturukira Hercule Poirot, wapolisi wopuma pa nchito wa ku Belgium, munthu wamfupi wonyadira ndebvu zace za pamlomo.

Polemba, Christie sanali kusimba za makedzana iai. Poirot anali kuyenda pamodzi ndi masiku a mlembi wace kufikira zaka za m'ma 1970. Buku la imfa yace, Curtain, linalembedwa pa nkhondo yaciwiri nilisungidwa ku banki. Pamene linasindikizidwa mu 1975, nyuzipepala ya New York Times inalengeza maliro a Poirot pa tsamba loyamba, monga ngati anali munthu weniweni. Mlembi mwini anamwalira caka cotsatira.

Amene anabwezera Poirot ku zaka zakale ndiwo a wailesi ya kanema. Mu 1989 a ITV anayamba kuonetsa nkhanizi ngati masewero, ndipo David Suchet ndiye anali Poirot. Okonza masewerowo anaika nkhani pafupifupi zonse m'zaka za m'ma 1930, zingakhale zija zimene zinalembedwa pambuyo pace. Anafunafuna magalimoto ndi zobvala za nthawi imeneyo, ndipo nyumba ya Florin Court ku London, yomangidwa mu 1936, inasanduka kwao kwa Poirot. Masewero onse anakwana 70, ndipo lotsiriza linaonetsedwa mu 2013.

Kusankha zaka zimenezi sikunali kwa kukometsa sewero cabe. Masiku amenewo madokotala sanali kutha kuchula mwini wa dontho la mwazi monga acitira lero. Conco wofufuza mlandu anadalira kufunsa mboni, kuyerekeza mau ao, ndi kugwira amene wanama. Ndipo iyi ndi nchito imene woonerera ali m'nyumba mwace akhoza kugwira naye pamodzi.

Cifukwa cina ncoopsa koposa. Kufikira mu 1965, lamulo la ku Britain linali kulola kuti wopezeka ndi mlandu wakupha anyongedwe. Motero pamene Poirot asonkhanitsa abale, alendo ndi anchito m'cipinda cimodzi, naloza cala mmodzi wa iwo, onse adziwa kuti munthuyo cimuyembekeza ndi cingwe. Wofufuza akalakwa, wosacimwa ndiye afa.