Zithunzi Zisanu za ku Antwerp Zotamanda Chuma ndi Mtendere

Mu 1561 Frans Floris wa ku Antwerp anajambula kuona, kumva, kununkhiza, kulawa ndi kukhudza ngati akazi asanu, aliyense ndi nyama yake: chiwombankhanga cha maso akuthwa, galu wa mphuno, nyani wa pakamwa. Cornelis Cort anazilocha pamkuwa kuti zisindikizidwe. Zinali zithunzi zophunzitsira, zopanda zambiri.

Pofika 1617 ndi 1618, Jan Brueghel wamkulu ndi Peter Paul Rubens anautenga mutu womwewu n'kuusandutsa nkhokwe ya chuma. Rubens ankajambula anthu, Brueghel zonse zowazungulira. Pachithunzi cha kuona, Venus, mulungu wamkazi wa chikondi, wakhala m'chipinda chodzaza thothotho ndi zithunzi ndi ziboliboli, pambali pake pali telesikopu, chida chomwe chinali chisanathe n'komwe zaka 10 chidziwikireni. Pa kulawa, mayi akudya nkhono za m'nyanja, wina akumuthirira vinyo, mbalame ndi nyama zophedwa kuuzimba zili mulu. Ine ndikuona kuti zithunzi zisanuzi, zomwe lero zili m'nyumba yosungiramo zithunzi ya Prado mumzinda wa Madrid, zinajambulidwa potamanda osati pochenjeza. Antwerp inali itaona zakuda: mu 1566 anthu anaphwanya mafano m'matchalitchi, mu 1585 mzindawo unagonja kwa asilikali a Spain, ndipo adani a Spain anatseka mtsinje wa Scheldt, malonda n'kulowa pansi. Pangano loimitsa nkhondo la 1609 ndi lomwe linapatsa anthu mpata wopuma. N'chifukwa chake nyumba zachifumu za olamulira dziko lomwe munali Antwerp, Albert ndi Isabella, zikuoneka kumbuyo: Mariemont pa kumva, Tervuren pa kulawa.

Ena amatsutsa, amati zithunzizi zikudzudzula zilakolako za thupi. Umboni ali nawo ndithu: nyani wovala magalasi akupenyetsetsa chithunzi ngati wozindikira, pomwe Venus akuyang'ana Yesu akuchiritsa wakhungu. Chenjezolo lilipo, ndipo mumzinda wa Chikatolika silikanasowa. Koma tayang'anani kumene kunathera thukuta la wojambula. Nyaniyo wapatsidwa kamalo kochepa, pomwe duwa lililonse m'munda wa kununkhiza, wotchi ndi zeze aliyense m'chipinda cha kumva zajambulidwa mwa luso loti munthu aziloze chimodzichimodzi. Wofuna kuti anthu aope chuma sangachikongoletse chotere. Ngakhale pa kukhudza, pomwe pali osula zitsulo ndi zipangizo za madokotala, zovala zankhondo zachitsulo zangounjikidwa pansi popanda wozivala, Venus akupsompsona mwana wake Cupid pambali pake. Panganolo linatha mu 1621, nkhondo inayambiranso, ndipo Albert anamwalira chaka chomwecho.