Mmene Mzinda wa Amsterdam Unabwezera Msewu kwa Okwera Njinga

Mzinda wa Amsterdam, womwe ndi likulu la dziko la Netherlands, umatchuka masiku ano chifukwa ana asukulu, anthu apantchito ngakhalenso okalamba amapalasa njinga m'misewu yake yothithikana mtima uli m'malo, ndipo alendo ambiri amaganiza kuti zimenezi zinangochitika zokha poti dzikolo ndi lachidikha, lopanda zitunda zotopetsa miyendo. Mbiri ya mzindawu ikusonyeza kuti pakati pa 1950 ndi 1975 njinga inangotsala pang'ono kukankhidwira kunja kwa msewu, ndipo chimene chinaipulumutsa ndi kusintha kwa maganizo pa funso lakuti udindo wopewa ngozi uyenera kusenzedwa ndi yani: munthu amene ali panjinga, kapena woyendetsa galimoto pamodzi ndi boma limene limakonza msewu n'kuika malamulo ake.

Njinga yakapalasa ya mtundu umene uli ponseponse lero, ya magudumu awiri ofanana kukula komanso yoyendera tcheni, inafala kuchokera mu 1885 pamene John Kemp Starley wa ku Coventry, m'dziko la England, anatulutsa njinga yotchedwa Rover, ndipo patapita zaka zitatu John Boyd Dunlop anakonza tayala lopopa limene linachepetsa kugwedezeka pamisewu ya miyala. Ku Netherlands okwera njinga anali atayambitsa kale bungwe lawo mu 1883, lomwe pambuyo pake linadziwika ndi zilembo za ANWB, ndipo mu 1885 mzinda wa Utrecht unawapatsa mbali ina ya msewu wa Maliebaan, imene ambiri amaitenga ngati kanjira ka njinga koyamba m'dzikolo. Poyamba njinga inali chosangalalira cha anthu opeza bwino, koma mitengo itatsika nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, inasanduka miyendo ya anthu wamba, moti pofika zaka za m'ma 1930 khamu la anthu opita kuntchito mu Amsterdam linkayenda panjinga. Boma linaona kuchuluka kumeneku ngati pokolola ndalama, ndipo kuyambira mu 1924 mwini njinga aliyense ankakhoma msonkho wapachaka n'kupatsidwa kachitsulo kosonyeza kuti walipira. Amene anali paulova ankalandira kachitsuloko ulere koma kali koboola, chinthu chimene chinkaulula umphawi wa munthu kwa aliyense wokumana naye. Zina mwa ndalama za msonkhowo zinkamangira misewu imene oidyerera kwambiri anali eni magalimoto, omwe panthawiyo anali owerengeka.

Asilikali a Germany atalanda dzikolo mu 1940, anathetsa msonkhowo chaka chotsatira, koma anaika lamulo lakuti pamphambano galimoto izidutsa poyamba ndipo wanjinga azidikira, ngakhale akuchokera kudzanja lamanja, kumene mwa nthawi zonse wochokerako ndiye amapatsidwa mpata. Mu 1942 Ayuda analamulidwa kupereka njinga zawo, ndipo njinga zambiri za anthu ena nazonso zinalandidwa. Nkhondo inatha mu 1945, koma lamulo la pamphambano lija linatsala, n'kukhala zaka zina zoposa 50, umboni wakuti maboma amtendere nawo sanaone chachilendo kuti chachikulu chizitsogola ndipo chaching'ono chizipatuka.

Chuma cha dzikolo chitakwera pambuyo pa nkhondo, magalimoto anachuluka mofulumira kuposa mmene misewu yakale ikanawalandirira: mu 1960 analipo pafupifupi theka la miliyoni, koma pofika 1970 anali atapitirira 2 miliyoni. Okonza mizinda ankakhulupirira kuti njinga ndi chizindikiro cha umphawi chimene chidzatha chokha, motero maganizo awo onse anali pa kupezera galimoto malo. Mu 1954 mkulu wa apolisi mu Amsterdam, Hendrik Kaasjager, anapereka ganizo lakuti zina mwa ngalande zakale zoyendamo mabwato, zomwe ndi chuma cha mbiri ya Amsterdam, zikwiriridwe kuti pakhale misewu, ndipo mu 1967 katswiri wa ku America, David Jokinen, anajambula mapulani a misewu ikuluikulu yoti ilowe mpaka pafupi ndi pakati pa mzinda, ngakhale zikanafuna kugumula madera athunthu okhalamo anthu apantchito. Mapulani awiriwa sanakwaniritsidwe, koma msewu wa Weesperstraat unakuzidwa pogwetsa nyumba za m'dera lomwe kale munkakhala Ayuda, mabwalo ambiri anasanduka poimika magalimoto, ndipo bungwe la ANWB lija, ngakhale linabadwa ndi okwera njinga, linali litasanduka mlankhuli wa eni magalimoto.

Zotsatira zake zinaonekera kumanda. Mu 1972 anthu 3,264 anafa pa ngozi zapamsewu m'dziko lonse la Netherlands, chiwerengero chimene sichinapitiridwepo m'mbiri ya dzikolo, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ana oposa 400 ankafa pachaka. Kufikira nthawi imeneyo maphunziro a chitetezo chapamsewu ankalunjika pa wofooka: mwana ankauzidwa kuti ayang'ane uku ndi uku, asasewere pamsewu, ndipo akagundidwa funso loyamba linkakhala lakuti walakwitsa chiyani kapena makolo ake anali kuti. Msewu weniweniwo, kukula kwake ndi liwiro limene unkalola, sunkaimbidwa mlandu.

Oyamba kutsutsa poyera anali achinyamata a gulu la Provo, amene mu 1965, potsatira ganizo la Luud Schimmelpennink, anapaka njinga zingapo penti yoyera n'kuzisiya pamsewu zosakhoma kuti aliyense akwere ulere. Apolisi anazitola, koma mfundo yakuti pakati pa mzinda pangathe kukhala popanda galimoto inali italowa m'makutu a anthu. Mawu amene anagwedeza dziko anachokera kwa mtolankhani Vic Langenhoff, yemwe mwana wake wamkazi wa zaka 6 anagundidwa ndi galimoto mu 1971 akupita kusukulu panjinga m'chigawo cha Noord-Brabant, woyendetsayo n'kungolipitsidwa chindapusa cha 150 m'ndalama ya dzikolo ya nthawiyo, yotchedwa guilder. Mu September 1972 Langenhoff analemba m'nyuzipepala ya De Tijd nkhani yoitana anthu kuti apange gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti kupha ana kulekeke. Mphamvu ya dzinali inali pa kukana liwu lakuti ngozi, limene limamveka ngati tsoka lopanda mwini, n'kusankha liwu limene limafuna kuti wina ayankhepo. Gululi, lomwe mtsogoleri wake woyamba anali Maartje van Putten, mayi wachitsikana wa mu Amsterdam amene pambuyo pake anakhala phungu wa nyumba ya malamulo ya ku Ulaya, linkatseka misewu kuti ana asewere, kutchinga malo amene pachitika ngozi, ndi kukumana ndi aphungu, ndipo posakhalitsa linayamba kulandira thandizo la ndalama kuchokera kuboma lomwelo limene linkalidzudzula.

Zochitika zina zinathandizira kuti mawu amenewa asapite pachabe. Mu 1972 khonsolo ya Amsterdam inakana msewu waukulu wodutsa m'dera lakale la Nieuwmarkt, okanawo ataposa anzawo ndi voti imodzi yokha, ndipo mu 1975 anthu a m'deralo analimbana ndi apolisi pokana kugumulidwa kwa nyumba zopatsa malo njanji yapansi panthaka. Mu 1973 mayiko a Aluya ogulitsa mafuta anasiya kutumiza mafuta ku Netherlands chifukwa dzikolo linkaoneka kuti lili kumbali ya Israel pa nkhondo ya mu October chaka chimenecho, ndipo boma la Joop den Uyl linaletsa magalimoto kuyenda Lamulungu kwa masabata khumi, kuyambira pa 4 November 1973 mpaka pa 6 January 1974, zimene zinapatsa anthu mwayi woona ndi maso momwe msewu wopanda galimoto umakhalira. Mu 1975 kunabadwa bungwe latsopano la okwera njinga, limene lero limatchedwa Fietsersbond, ndipo m'zaka zotsatira anthu zikwizikwi ankasonkhana pabwalo la Museumplein n'kugona pansi pambali pa njinga zawo ngati mitembo pokumbukira ophedwa pamsewu. Khonsolo ya Amsterdam imene inasankhidwa mu 1978 inavomereza dongosolo la kayendedwe ka mumzinda lochepetsa magalimoto pakati pa mzinda ndi kupereka malo kwa njinga, oyenda pansi ndi zoyendera za anthu onse.

Kusintha maganizo kunali kosakwanira popanda kudziwa chomanga, ndipo nzeru zake zinachokera m'mizinda ingapo. Ku Delft kunayambika chimene chimatchedwa woonerf, kutanthauza bwalo lokhalamo anthu, womwe ndi msewu wa pakati pa nyumba wokhotetsedwa dala ndi mitengo, mabenchi ndi zitumbira kuti galimoto iyende pa liwiro la munthu wapansi ngati mlendo pakhomo pa eni. Lamulo la dziko linauvomereza mu 1976. M'mizinda ya Tilburg ndi The Hague boma linalipirira tinjira ta njinga toyesera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo phunziro lake linali lakuti kanjira kamodzi kokongola sikasintha zambiri ngati sikalumikizana ndi tina, chifukwa ulendo wa munthu umayambira pakhomo pake osati pamene kanjirako kayambira. N'chifukwa chake Delft inayamba kuluka tinjira tofika mbali zonse za mzinda. Groningen inagawa pakati pa mzinda m'zigawo zinayi mu 1977, n'kuletsa galimoto kudumpha kuchoka m'chigawo china kupita m'chinzake popanda kuzungulira kunja, pamene wanjinga ankadutsa molunjika.

Zoyesera zonsezi zinamangidwa pamodzi mu 1992, pamene bungwe lofufuza za chitetezo chapamsewu la SWOV linafalitsa mfundo zotchedwa Duurzaam Veilig, kutanthauza chitetezo chokhazikika, zimene boma ndi makhonsolo anagwirizana kuzitsata mu 1997. Maziko ake ndi akuti munthu aliyense amalakwitsa ndipo thupi lake ndi losalimba, motero msewu uyenera kukonzedwa mwakuti kulakwitsa kusathere ku imfa. Pamene njinga ndi galimoto zikuyendera limodzi liwiro liyenera kutsika kufika pa makilomita 30 pa ola, popeza mphamvu ya kugunda imakula mowirikiza kuposa liwiro lenilenilo, moti galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imagunda ndi mphamvu pafupifupi katatu kuposa yothamanga 30. Pamene liwiro silingatsike, njinga iyenera kupatsidwa kanjira kake kolekanitsidwa ndi mpanda wa simenti, kapinga kapena mitengo, kamene kawirikawiri kamakhala ka phula lofiira kuti kadziwike msanga. Pamphambano, pomwe ngozi zambiri za mumzinda zimachitikira, kanjirako kamapatuka pang'ono kutalikirana ndi msewu mwa utali wa galimoto imodzi, kuti woyendetsa amene akukhota akumane ndi wanjinga atamuona kutsogolo kwake osati m'mbali mobisika, ndipo timakona titatu toyera tojambulidwa pansi, timene eni dziko amatitcha mano a shaki, timasonyeza amene ayenera kudikira.

Malamulo nawo anatembenuka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 bwalo lalikulu la milandu m'dzikolo linagamula kuti galimoto ikagunda mwana wosakwana zaka 14 amene ali panjinga kapena pansi, mwini galimoto alipire chipepeso chonse ngakhale mwanayo atalakwitsa, pokhapokha ngati anachita dala kapena mosasamala kofanana ndi dala, ndipo ikagunda wamkulu alipire osachepera theka pokhapokha atasonyeza kuti panalibiretu chimene akanachita. Chifukwa chake n'chakuti amene wabweretsa pamsewu chinthu cholemera ndi chothamanga ndiye wabweretsa chiopsezo, ndipo ndiye ali ndi inshuwalansi yokakamizidwa ndi lamulo. Pa 1 May 2001 lamulo la pamphambano la nthawi ya nkhondo lija linafafanizidwa, wanjinga wochokera kumanja n'kupatsidwa mpata wofanana ndi wa galimoto. Izi sizinachotse udindo wa wokwera njinga, yemwe amayenera kuyatsa nyali yoyera kapena yachikasu kutsogolo ndi yofiira kumbuyo kukada, kutambasula dzanja pokhota, ndiponso, kuyambira pa 1 July 2019, kusagwira foni m'manja akupalasa. Ana a m'makalasi omaliza a pulayimale amalemba mayeso a malamulo apamsewu, ndipo ambiri amayesedwanso akupalasa mumsewu weniweni. Chipewa chodzitetezera kumutu sichikakamizidwa panjinga wamba, chifukwa mfundo imene dzikolo linasankha ndi yoletsa kugundana kusanachitike.

Mu 2023 anthu 684 anafa pamisewu ya Netherlands, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chiwerengero cha 1972, ngakhale anthu ndi magalimoto achuluka kwambiri. Komabe 270 mwa iwo anali panjinga, ambiri a iwo okalamba, ndipo tinjira timene tinamangidwira njinga zoyenda liwiro lofanana tsopano tadzaza ndi njinga zamagetsi, njinga zonyamula katundu ndi zina za matayala onenepa zimene achinyamata amathamangitsa. Amsterdam yayankha ndi muyeso wakale womwe uja wa kulemera ndi liwiro: mu 2019 inachotsa njinga zamoto zing'onozing'ono m'tinjira tambiri ta njinga n'kuzitumiza mumsewu wa magalimoto, ndipo pa 8 December 2023 inatsitsa liwiro kufika pa makilomita 30 pa ola m'misewu pafupifupi 80 mwa 100 iliyonse. Funso limene makolo anafunsa mu 1972 likadalipo, kungoti tsopano lalowa m'kanjira kofiira komweko, mmene wanjinga yamagetsi ndiye wamphamvu, ndipo woyenera kutetezedwa akadali mwana wopalasa pang'onopang'ono popita kusukulu.