Council tax ndi misewu ya mu Glasgow: zoyenera kudziwa tonse okhala kuno

Abale ndi alongo amene mwangofika kumene mu Glasgow, kalata yoyamba imene khonsolo ya mzinda uno idzakulembereni si yokulonjerani ayi. Ndi bilu ya council tax. Anzanga ambiri ogwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba akhala akundifunsa za msonkho umenewu, ena atalandira kale makalata oopsa. Ndiye ndati ndiike pamodzi zimene ndikudziwa: amalipira ndani, chimachitika n'chiyani mukalephera, komanso udindo wa khonsolo pa msewu wa pakhomo panu umalekezera pati.

Council tax n'chiyani?

Ndi msonkho wa nyumba zokhalamo. Unayamba mu 1993, kulowa m'malo mwa poll tax, msonkho wa munthu aliyense payekha umene unayambira kuno ku Scotland mu 1989 ndipo anthu ambiri anakana kuulipira.

Pamene ambiri timasokonekera ndi apa. Kwathu ku Blantyre kapena ku Lilongwe, msonkho wa nyumba wa ku khonsolo ndi mutu wa mwini nyumba. Kuno amalipira ndi wokhalamo. Ngati mukuchita lendi fulati yonse, bilu ndi yanu, osati ya landilodi. Kusiyana kulipo pa nyumba zimene anthu osakhala pachibale amachita lendi chipindachipinda, zotchedwa HMO: kumeneko amene khonsolo imamulondola ndi mwini nyumba. Werengani bwino pepala la mgwirizano wanu wa lendi, ndipo mukalowa kapena kutuluka m'nyumba dziwitsani khonsolo msanga.

Amawerengera bwanji?

Nyumba iliyonse ili m'gulu limodzi mwa magulu 8, kuyambira Band A mpaka Band H. Gululo limatengera mtengo umene nyumbayo ikanagulitsidwa pa 1 Epulo 1991, osati mtengo wa lero, ngakhale nyumbayo itamangidwa chaka chatha. Band A ndi nyumba zosapitirira £27,000, Band D ndi zoyambira £45,001 mpaka £58,000, pamene Band H ndi zopitirira £212,000. Wa Band A amalipira magawo awiri mwa atatu a zimene amalipira wa Band D. Gulu la nyumba yanu mutha kuliona ulere pa intaneti, pa tsamba la Scottish Assessors. Ngati mukuona kuti anakuikani gulu lokwera kuposa nyumba zofanana nayo pamzere wanu, muli ndi miyezi 6 kuchokera pamene mwayamba kulipira kuti mudandaule.

Pa bilu yomweyo mupezanso ndalama za madzi ndi za mapaipi a zonyansa. Zimenezo khonsolo imangotolera m'malo mwa Scottish Water. Chaka cha msonkho chimayamba mu Epulo, ndipo kawirikawiri amagawa bilu m'miyezi 10, Epulo mpaka Januwale.

Kuchotseredwa

Ngati m'nyumbamo wamkulu ndinu nokha, amakuchotserani 25 peresenti. Ana osakwana zaka 18 sawerengedwa, choncho mayi wokhala ndi ana ake okha akuyenera kuchotseredwa. Ophunzira a nthawi zonse, kuphatikizapo ophunzira unamwino, sawerengedwanso, ndipo nyumba yokhala ophunzira okhaokha silipira council tax. Komatu izi sizibwera zokha. Muyenera kupempha.

Chenjezo kwa inu a viza yolembedwa kuti simungalandire thandizo la ndalama za boma, monga ambiri a ife ogwira ntchito zaumoyo ndi zosamalira anthu. Pali thandizo lina la anthu opeza zochepa lotchedwa Council Tax Reduction, limene linayamba mu 2013. Limenelo limawerengedwa ngati ndalama za boma, ndipo kulilandira kutha kukuonongerani mapepala. Koma 25 peresenti ya wokhala yekha ija ilibe vuto limeneli. Mayina akufanana, zinthu zake n'zosiyana. Musanasaine fomu, pitani ku Citizens Advice Bureau, amathandiza ulere.

Mukalephera kulipira

Poyamba amatumiza kalata yokukumbutsani. Mukaikhalira chete, mwayi wolipira mwezi ndi mwezi umatha, amafuna ya chaka chonse nthawi imodzi. Kenako khonsolo imakatenga chilolezo ku Sheriff Court chotchedwa summary warrant, inu osaitanidwa n'komwe, ndipo ngongole imakwera ndi 10 peresenti. Apo nkhani imapita kwa ma sheriff officer, amene angathe kudula ndalama pa malipiro anu kuntchito kapena kugwira za mu akaunti ya kubanki. Ku Scotland munthu samangidwa chifukwa cha ngongole ya council tax, koma ngongoleyo atha kuitsata mpaka zaka 20. Ndikudziwa kuti kumudzi akudikira ya fizi ndi ya feteleza, komabe bilu iyi ikhale m'gulu la zoyambirira, limodzi ndi lendi. Zikathina imbani foni msanga mugwirizane kalipiridwe. Mlandu suola.

Amagamula ndani?

Glasgow City Council ili ndi makhansala 85 ochokera m'mawadi 23, ndipo amakumana ku City Chambers pa George Square. Chaka ndi chaka, kawirikawiri mu Febuluwale, amavomereza bajeti ndi kuika mlingo wa Band D, magulu enawo n'kutsatira. Kuyambira 2008 mpaka 2017 mlingowu sunakwere ku Scotland konse chifukwa cha mgwirizano wa makhonsolo ndi boma la ku Edinburgh. Unaimanso mu 2024, koma mu 2025 Glasgow inakweza ndi 7.5 peresenti. Ndalama zambiri za khonsolo zimachokera ku boma la Scotland. Council tax ndi gawo lochepa chabe. Ndipo zochuluka zimathera ku masukulu ndi kusamalira okalamba ndi ana, osati ku phula ayi. N'chifukwa chake mutha kulipira mokhulupirika koma dzenje la pamsewu wanu lili pomwepo.

Msewu uti ndi wa khonsolo?

Malinga ndi lamulo la misewu la ku Scotland la 1984, khonsolo imasunga mndandanda wa misewu imene inavomera kuisamalira. Ngati msewu wanu uli pamndandandawo, maenje, njira ya oyenda pansi ndi magetsi a mumsewu ndi udindo wa khonsolo, ndipo mutha kukanena pa tsamba lake la intaneti. Lembani tsiku limene mwanena, jambulaninso chithunzi. Ine monga namwino ndaona okalamba ambiri atathyoka chiuno kapena mkono chifukwa chopunthwa panjira, makamaka nyengo yozizira. Kukanena mwala wotukuka si kuvuta ayi. Misewu ikuluikulu ngati M8 siili m'manja mwa khonsolo, ili pansi pa Transport Scotland.

Tinjira ta kuseri kwa nyumba

Tinjira tambiri ta kumbuyo kwa mafulati akale, kumene kumakhala mabini, sitili pamndandanda uja. Eni ake ndi eni nyumba zoyang'anizana nato. Kanjira kakakumbika kapena anthu akatayamo matiresi, khonsolo siikakamizidwa kuthira phula. Amayenera kusonkherana ndi eni nyumba, nthawi zina kudzera mwa factor, kampani yoyang'anira mbali za nyumba zogwiritsa ntchito onse. Khonsolo inatulutsa malangizo otchedwa Private Lane Toolkit othandiza anthu oyandikana kupanga gulu losamalira kanjira kawo. Inu amene mukuganiza zogula fulati, funsani loya wanu ngati msewu ndi kanjira ka kuseri zili pamndandanda wa khonsolo. Yankho lake ndi ndalama.

Kutseka msewu kapena kanjira

Munthu sangangodzuka n'kuika geti pa njira imene anthu onse ali ndi ufulu wodutsapo. Kutseka msewu mpaka kalekale kumafuna chilolezo cha lamulo, chimodzimodzi kuusandutsa wolowera mbali imodzi kapena kuletsa kuimikapo galimoto. Khonsolo imalengeza kaye, ndipo nthawi zambiri mudzaona timapepala tokutidwa ndi pulasitiki titamangidwa pa mapolo a magetsi. Musatipitirire. Pamalembedwa tsiku lomaliza lotumizira madandaulo, ndipo nthawi yake ndi masabata ochepa chabe. Ngati kusinthako kukusowetsani poimika galimoto mukamachokera ku shifiti ya usiku, lembani nthawi yomweyo, ntchito isanayambe. Pakati pa tauni misewu yakhala ikukonzedwanso pansi pa ntchito yotchedwa Avenues, imene inayambira pa Sauchiehall Street ndipo gawo loyambalo linatha mu 2019.

Zindapusa ziwiri zoti muzipewe

Kuyambira Januwale 2025, kuimika galimoto pa njira ya oyenda pansi mu Glasgow ndi chindapusa cha £100, chimene chimatsika kufika £50 mukalipira pasanathe masiku 14. Ngakhale matayala awiri okha. Ndipo kuyambira 1 Juni 2023, magalimoto akale otulutsa utsi wambiri saloledwa pakati pa tauni. Koyamba chindapusa ndi £60, mukabwereza chimawirikiza. Musanagule galimoto yotchipa, makamaka ya dizilo yopangidwa 2015 isanafike, yesani nambala yake pa tsamba la Low Emission Zone.

Mawu athu

Ambiri timaganiza kuti poti ndife alendo, za mzinda uno sizitikhudza. Koma amene amalipira ali ndi ufulu wofunsa. Kuyambira 2020, aliyense wokhala ku Scotland movomerezeka, wa zaka 16 kupita m'tsogolo, atha kuvota pa zisankho za makhansala, posatengera dziko lochokera. Zisankho zimenezi zinachitika mu 2022, ndipo zimabwera zaka zisanu zilizonse. Makhansala amakhalanso ndi masiku okumana ndi anthu a m'dera lawo, ndipo mayina awo ali pa tsamba la khonsolo. Lembetsani m'kaundula wa voti, sungani makalata onse a khonsolo malo amodzi, ndipo m'bale akafika kumene mufotokozereni za bilu iyi asanaiponye mu bini. Mwana wosalira amafera m'mbereko.