Tsiku la Chiweruzo: m'mene Paul Ngozi adalizira gitala m'Chinyanja

M'chaka cha 1976 anyamata anayi a ku New York, otchedwa Ramones, adatulutsa chimbale chawo choyamba. Olemba mbiri ambiri amati chamba cha punk chidakhazikika pomwepo: nyimbo zazifupi, zaliwiro, gitala wolira ngati chigayo. Patapita zaka zowerengeka achinyamata a ku California, aja oseweretsa timatabwa ta mateyala m'misewu, adawonjezera liwirolo n'kuchitcha skate punk. Zonsezi n'zoona. Koma chaka chomwecho cha 1976, tsidya la Mchinji pompa, kudatuluka chimbale china chaukali womwewo. Dzina lake Day of Judgement, eni ake Ngozi Family, ndipo nyimbo zake zina n'za m'chinenero chomwe mukuwerengachi.

Mtsogoleri wa gululi adali Paul Dobson Nyirongo, yemwe adabadwa mu 1949 nakulira ku Chibolya, komboni ya mu Lusaka imene mbiri yake siitalikirana ndi ya Ndirande wathuyu. Anthu adamdziwa ndi dzina loti Paul Ngozi, ndipo dzinalo lidamukhala, poti pa nsanja mkuluyu amatha kuliza gitala ndi mano. Asadayambitse gulu lake adakayimbako ku Kenya ndi bandi ya Musi-O-Tunya. M'gulu lakelo adali ndi woyimba ng'oma womuyenera, Chrissy Zebby Tembo, yemwenso ali ndi chimbale chake chotchedwa My Ancestors.

Nanga chidatheka bwanji chimbale chotere pakati pa Africa? Choyamba ndi mkuwa. Ndalama za ku migodi zidadzaza mabala ndi maholo, ndipo anyamata adakula akumva Jimi Hendrix ndi Black Sabbath. Chachiwiri ndi ndale. Pakatikati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda adalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo. Cholinga chake chidali chikhalidwe cha makolo, koma lamulo silisankha ng'oma: anyamata a magitala a magetsi nawo adali nzika, basi adalowera pomwepo. Chachitatu ndi bambo wa malonda Edward Khuzwayo, mwini kampani ya Zambia Music Parlour ku Ndola, yemwe amatola magulu otere n'kuwatulutsira zimbale. Day of Judgement idatulukira kumeneko.

Chimbalechi si chosalala ayi. Gitala ndi wosasa mawu dala, ng'oma zikugunda ngati munthu akukhoma malata, ndipo zikumveka kuti panalibe nthawi yobwereza nyimbo kakhumi. Mukandifunsa ine, nyimbo za Chingerezi monga Hi Babe n'zovinira chabe, zotengera kunja. Mtima wa chimbalechi uli mu Kumanda kwa Bambo Wanga ndi Tikondane. M'menemo phokoso lachilendo lija lasenza nkhani za pamudzi, imfa ndi chibale, ndipo Chinyanja sichikupepesa kwa munthu. Chaka chotsatira, 1977, adaponyanso china, 45,000 Volts. Dzina lokhalo likukuuzani.

Tsono funso lowawa: bwanji ku Blantyre kuno sikudatuluke chotere? Aluso tidali nawo, a Kachamba a ku Chileka ndi umboni. Koma kuyambira 1968 tidali ndi bungwe lounika nyimbo, mabuku ndi mafilimu, ndipo pofika 1973 lamulo lidalowerera ngakhale pa kavalidwe. Mwamuna wa tsitsi lalitali amametedwa, buluku lotambalala kumiyendo lidali mlandu. Wailesi idali imodzi, MBC ya ku Chichiri. Mwana wa bwana ku Nyambadwe amatha kukhala ndi zimbale za rock m'nyumba ya bambo ake, koma kuimirira pa nsanja ku Limbe, tsitsi lili nyankhalala, n'kumaluma gitala? Abale, a Payoniya akadamufunsa bwino.

Nako ku Zambia phwandolo silidakhalitse. Mtengo wa mkuwa udagwa, anthu adasiya kugula zimbale. Nkhondo ya ku Rhodesia idabweretsa malamulo oletsa kuyenda usiku, mabandi n'kusowa poyimbira. Kenaka disiko ndi makaseti okopera, kenakanso Edzi, yomwe idakolola oyimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi adamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha.

Chimbalecho chidagona m'mafumbi mpaka kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles idachisindikizanso mu 2014, ndipo atolankhani akunja adayamba kuchitchula pamodzi ndi makolo a punk. Mu 2024 Tyler, the Creator, woyimba wa ku California yemwe adatchukira m'gulu la Odd Future, lodziwikanso ndi timatabwa ta mateyala tija, adatapa mawu ndi gitala za mu Nizakupanga Ngozi, ya mu 45,000 Volts, n'kuziika mu nyimbo yake Noid. Achinyamata a ku Namiwawa ndi ku Chilomoni omwe adaimva pa foni adadzidzimuka kumva Chinyanja chikutuluka mu nyimbo ya ku America, patatha zaka 35 mwini mawuwo ali m'manda.