Ankakhala, Asamutsidwa, Adzabwerera: Aneni ndi Mbiri ya Laudium

Laudium ndi dera la kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Pretoria ku South Africa. Boma la tsankho lidalikhazikitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kuti muzikhala amwenye okhaokha, potsatira lamulo la Group Areas Act la mu 1950. Ambiri mwa iwo adawachotsa ku Marabastad, komwe mitundu yosiyanasiyana inkakhala moyandikana. Anthu akuda adawatumiza ku Atteridgeville, makaladi ku Eersterust.

Ine monga mlembi wa nkhani zopeka, mbiri imeneyi imandikumbutsa kuti posankha nthawi ya mneni timakhala tikugamula mlandu: kodi nkhaniyo idatha, kapena ikadalipo?

Tiyerekeze kuti ndikulemba za gogo wina wa ku Laudium. Ndikati "ankakhala ku Marabastad," kachidutswa ka -nka- kanyamula moyo wonse wa tsiku ndi tsiku: ankagulitsa m'sitolo, ankapemphera ku kachisi wa Mariamman, yemwe alipobe mpaka lero. Ndikati "adasamutsidwa," ndatseka chitseko, zapita ngati za "padangokhala." Koma ndikati "asamutsidwa," bala likadali laliwisi. Gogoyo wangofika kumene, katundu ali pabwalo, ndipo wowerenga sangathe kuyang'ana kumbali.

Es'kia Mphahlele, yemwe adabadwira ku Marabastad mu 1919, ankazidziwa zimenezi. Buku la moyo wake, Down Second Avenue, lomwe lidatuluka mu 1959, limasimba zakale monga zakale, koma lili ndi tizigawo tina tapakati pomwe amalemba ngati zinthu zikuchitika pompano. Pamenepo iwe wowerenga umapezeka wagona nawo m'kanyumba kopanikizanako.

Nthawi yam'tsogolo ndiyo imandivuta mtima. M'zaka zimenezo, -dza- idali ya boma: mudzasamuka, nyumba zidzagwetsedwa. Anthu wamba adangotsala ndi "tidzabwerera" wonong'ona. Lamulo lija lidathetsedwa mu 1991, koma nyumba zambiri za ku Marabastad zidali zitagwetsedwa kale. Mlembi akaika "ndidzabwerera" m'kamwa mwa gogo uja, wowerenga amadziwa zomwe gogoyo sakudziwa, ndipo chisoni chimachokera pomwepo.

N'chifukwa chake ndisanalembe chiganizo choyamba ndimadzifunsa kuti: nkhaniyi idatha kwa yani? M'mabuku a boma, kusamutsako kudatha. Kwa yemwe akukumbukirabe khomo lomwe adachoka, mneni woyenera ndi "asamutsidwa."